Loko wa pa hositelo, bwalo lodzadza madzi, pulani akuifuna Lachisanu

Mkulu wa alonda, Chikwawa:
Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Mabwana a pa koleji pano akuti pofika Lachisanu ndipereke pulani ya ngozi komanso tsiku la drill (kuyeserera kothawa ngozi) mvula isanayambe. Assembly point (malo osonkhanirapo pa ngozi) yomwe ndinaipeza ndi bwalo la mpira, pomwe madzi amayambira kudzadza mvula ikangogwa maola awiri. Sayirini ndi yamagetsi, sinalumikizidwe ku jenereta. Hositelo ya atsikana mawindo onse ali ndi ma burglar bar, khomo ndi limodzi, 10 koloko usiku timakhoma loko kunja ndipo kiyi amagona naye matroni kuseri kwa khitchini. Ma extinguisher (zozimitsira moto) alipo 9, anayi muvi uli pa red, kusonyeza kuti sali bwino. Ndalama akuti palibe. Ndiyambire pati?

Sajeni wopuma, Ngabu:
Achimwene, sayiriniyo iwalani. Pezani rimu ya lole, mangani pa mtengo pakati pa sukulu, chitsulo chomenyera chikhale pomwepo. Rimu siidikira magetsi.

Matroni, Nsanje:
Bambo, musanafike ku rimu, lokoyo ndiye andidetsa nkhawa. Inu mukuganiza moto ukabuka mkati 1 koloko usiku, mlonda athamange kukadzutsa matroni, matroni afufuze kiyi mumdima, abwerere? Utsi sudikira zimenezo. Ana athuwa magetsi akazima amayatsa makandulo, ena amabisa ma hot plate kunsi kwa bedi, ndipo matiresi a siponji akagwira moto utsi wake ndi wakuda, umatsamwitsa munthu lawi lisanamufike. Ine kwathu kuno ndinakana kusunga kiyi ndekha. Mmodzi ali kwa mlonda wa pa khomo lomwelo, wina ali mkati kwa mtsogoleri wa ophunzira.

Mkulu wa alonda, Chikwawa:
Mayi, kiyi wa mkati athandiza chiyani poti loko ali kunja? Komanso mukudziwa okha, kumupatsa mwana kiyi mawa lake makolo ali pa geti kuti ana akutuluka usiku.

Wowotcherera, Nchalo:
Chotsani loko wakunjayo, ikani mpiringidzo wotsegula mkati, mlonda akhale panja pa khomo. Ndipo windo limodzi kumapeto kwa kolido dulani ma burglar bar ake muwaike pa mahinji kuti azitseguka ngati chitseko. Ndi ntchito ya theka la tsiku. Koma chenjezo, mukaikanso loko pa windolo mwabwerera pomwe munali. Ndinakapangira malo ena, nditapitako patatha miyezi itatu ndinapeza awotcherera windo lija kuti akuba. Ndinangogwira pakamwa.

Sajeni wopuma, Ngabu:
Zonsezo nzabwino koma amene ali mtulo adzuka ndi chiyani? Rimu.

Wa za magetsi, Bangula:
Madala, rimu tamva. Ine nkhani yanga ndi ma extinguisher. Anayi a pa red aja achotseni pa khoma lero, kuli bwino pakhale popanda kusiyana nkuti munthu athamangire chinthu chakufa. Otsalawo onani ngati ali a ufa, a CO2 kapena a madzi. Wa madzi asayandikire pa DB (bokosi logawa magetsi) kapena ku labu ya makompyuta. A ufa muziwatembenuza nkuwagwedeza nthawi ndi nthawi, ufa umagwirana pansi. Ndipo ndi dzuwa la kuno, Okutobala kufika madigiri 40, musawapachike poomba dzuwa. Musadalirenso galimoto yozimitsa moto. Kuchoka ku Blantyre, kutsika mapiri onse aja mpaka pa Thabwa, ikamafika denga lagwa kale. Ndowa za mchenga zikhalepo, ndi zaulere.

Mlonda wa ku East Bank:
Za bwalo la mpirazo mwandikumbutsa namondwe wa Ana, Januware 2022. Tinali ndi malo amodzi osonkhanirapo monga mabuku amanenera. Madzi anabwera usiku, anthu nkumathamangira komwe tinawaphunzitsa, kumene kunali kutsetsereko kwenikweni. Tinachita kuwabweza ndi matochi, madzi ali m'mawondo. Siteshoni ya magetsi ya Kapichira itawonongeka magetsi kunalibe, mafoni onse anafa tsiku lachiwiri, msewu wa M1 utaduka. Mayi wina wophika anakana kusiya nkhuku zake, tinamunyamula pamodzi ndi dengu lake. Pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tinali titaphunzirapo, tinasamuka kukadali kowala. Ndiye malo akhale awiri. Wa moto pabwalo poyera, wa madzi pa mtunda kapena nyumba yomwe maziko ake ndi okwera. Funsani agogo a m'mudzi woyandikana nanu pomwe madzi a 2015 analekezera, amakuuzani mpaka pa mtengo wake.

Sajeni wopuma, Ngabu:
Mwamva? Magetsi kunalibe, mafoni anafa. Chikanalira nchiyani? Ndakhala ndikunena.

Matroni, Nsanje:
Chabwino a Sajeni, koma rimu yomweyo ndi imene ambiri amaimbira nthawi ya nsima. Mukaimenya usiku ana adziwa bwanji kuti ndi moto kapena madzi? Malo akakhala awiri kaimbidwe kakhalenso kawiri, apo ayi muthamangitsira ana m'madzi.

Sajeni wopuma, Ngabu:
Yosalekeza ndi moto. Katatu, kupuma, katatu, ndi madzi. Komabe ndi rimu.

Namwino wa pa koleji ina:
Drill yoyamba musaipange usiku mosawauza, chonde. Khomo limodzi, atsikana ambirimbiri ali mtulo, mudzathyola ana miyendo pofuna kuwapulumutsa. Yambani masana, auzeni, ayende osathamanga, inu muwerenge mphindi. Udzu wa njira yopita ku malo okwerawo utchetchedwe, nyengo ya madzi njoka nazo zimathawira komweko. Ndipo aliyense aziuzidwa kuti madzi osefukira sawoloka, Shire akadzadza ng'ona sizikhala mumtsinje mokha. Kaundula wa ogona mu hositelo akhale wa papepala, mu pulasitiki, osati mu kompyuta. Dziwaninso amene ali ndi mphumu, oyembekezera ndi oyenda ndi ndodo, aliyense akhale ndi mnzake womutenga.

Mlonda wa ku East Bank:
Kaundulayo amanama Loweruka. Theka la ana amakhala atapita kwawo kapena kwina osalemba. Musalowetse mlonda mu utsi kukafuna munthu amene ali pa Dyeratu akudya kanyenya.

Mkulu wa alonda, Chikwawa:
Ndalemba zonse. Koma za loko zija ndayesa kuwatchulira a bursar masana ano, akuti ndi lamulo la komiti ya makolo, silisinthika mpaka adzakumane teremu ya mawa.

Wa za magetsi, Bangula:
Lembani kalata, iwo asayine kuti mwawauza, kope ina musunge kunyumba. Zikadzavuta woyamba kufunsidwa ndi inu, osati komiti.

 

Sajeni wopuma, Ngabu:
Rimu ndili nayo ina kuseri kwa nyumba, ya Tata. Mukapeza transipoti mudzatenge.