Mayina a mabala a ku Britain aja anachokera kuti?

Kafukufuku: Abale ndithandizeni, mabala a ku Britain mayina ake amandizunguza mutu. Red Lion, White Hart, King's Head, Royal Oak... kenako panja chikwangwani chojambulapo mkango kaya mtengo. Mkango ukugwirizana bwanji ndi mowa? Eni ake amangopeka kapena pali nkhani yake?

Chimtali: Nkhani ilipo achimwene, yakalekale. Mu 1393 mfumu Richard II inalamula kuti aliyense wogulitsa mowa azipachika chizindikiro panja, kuti anthu aboma oyendera ndi kulawa mowa azidziwa pomwe pali malonda. Nthawi imeneyo ambiri sankatha kuwerenga ndiye kulemba mawu kunali kungotaya penti, chithunzi ndi chomwe chinkayankhula, munthu amangouza mnzake kuti tikakumane pa mkango paja basi wamva kale. Ndiye dzina linachita kutsatira chithunzi. White Hart yomwe mwatchulayo ndi nswala yoyera, chizindikiro cha Richard II yemweyo, mwini bala kufuna kuoneka wokhulupirika kwa mfumu.

NaMbewe: Ine yondisangalatsa ndi Royal Oak. Mu 1651 Charles II atagonja pankhondo ya ku Worcester anathawa n'kukabisala mumtengo wa oak ku Boscobel, asilikali omusaka akudutsa pansi pompo osayang'ana m'mwamba kkkk. Atalowa ufumu mu 1660 mabala ambirimbiri anatenga dzina la mtengowo, moti pazikwangwani zina mukayang'anitsitsa muona chisoti chachifumu kapena nkhope ikusuzumira m'masamba.

Kafukufuku: Zoona amayi? Nanga Red Lion poti akuti ndi lomwe lachuluka kuposa onse?

Chimtali: Lachulukadi, koma apa akatswiri amakanganapo. Ena amati ndi mkango wa pachizindikiro cha John of Gaunt, mwana wa mfumu Edward III, ena amati ndi wa ku Scotland womwe unabwera ndi James, mfumu ya Scotland, atakhalanso mfumu ya England mu 1603. Ine ndimaona kuti mabanja olemera ambiri anali ndi mkango wofiira pazizindikiro zawo, ndiye mwini bala amangotengera wa bwana wa m'dera lakelo.

Mphunzitsi_wakale: Musaiwalenso za tchalitchi akuluakulu. Cross Keys ndi makiyi a Petro Woyera, nyumba zambiri zotere zinkagoneka anthu apaulendo wachipembedzo. Mfumu Henry VIII itapatukana ndi Papa mu 1534 mayina achikatolika anayamba kuopsa, ena anafufuta mwachangu n'kujambulapo mutu wa mfumu, King's Head. Palinso Marquis of Granby, ameneyu anali mkulu wa asilikali dzina lake John Manners, ankapatsa ndalama asilikali ake opuma ntchito kuti atsegule mabala, iwo pothokoza n'kutcha balayo dzina lake. Iyeyo anamwalira mu 1770 ali ndi ngongole zankhaninkhani, koma mutu wake wadaziwo mpaka lero ukulendewera pazikwangwani.