Za seva ija yomwe imangoona 4 GB

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chake seva ya muofesi yathu ku Area 47 imangoona 4 GB, chonsecho tinaikamo RAM (memory yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) ya 16 GB. Zikomo nonse munandithandiza maganizo.

RAM inalibe vuto. Seva inali ndi Windows Server 2003 Standard ya 32-bit, ndipo ma adilesi a 32-bit (manambala omwe kompyuta imalozera malo mu RAM) amathera pa 4 GB. Achimwene ena anatchula PAE, njira yotalikitsira ma adilesiwo, yomwe imatha kufikitsa malire pa 64 GB, koma Standard siilola kudutsa 4 GB. Ngakhale ikanalola, nthawi zambiri pulogalamu imodzi imangopatsidwa 2 GB, ndipo database yathu ndi imene imabanika kwambiri.

Loweruka tinasunga mafayilo onse n'kuikamo Linux ya 64-bit m'malo mwa Windows. Tsopano 16 GB yonse ikugwira ntchito, malipoti a kutha kwa mwezi sakuchedwanso.