Mabuku a makatuni a Dracula ndi Frankenstein, ndimpatse mwana wa Standard 6?

Mayi a Chisomo (Area 25)
Amangwetu ndithandizeni maganizo. Loweruka ndinali ku Old Town kogula yunifomu, pobwerera ndinaima pa anyamata aja amayala mabuku pansi ndiye ndinapeza timabuku titatu ta makatuni tachizungu, Frankenstein, Dracula ndi Dr Jekyll and Mr Hyde, ndinagula tonse poti mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 11 ndipo buku la mawu okhaokha salifuna koma likakhala ndi zithunzi amaiwala ndi nsima yomwe. Kufika kunyumba ndatsegula ka Dracula kaja, eee, peji ina mtsikana wagona m'bokosi magazi ali kukamwa, azibambo amuzungulira wina wagwira chichiri pachifuwa pake. Ndatibisa musutikesi pansi pa bedi. Bambo ake akuti mumpatse aphunzirepo chizungu, ine mtima ukukana. Alipo anawerengetsapo mwana zoterezi?

Madamu_Kawale
Mayi, ine ndimaphunzitsa Standard 7 ndipo ndikuti musawaike mtolo umodzi atatuwo. Frankenstein mpatseni koma muwerenge naye. Analemba ndi Mary Shelley, anayiyamba ali ndi zaka 18, inatuluka 1818, ndipo ambiri sadziwa kuti Frankenstein si dzina la chilombocho ayi, ndi la mnyamata wophunzira, Victor Frankenstein, amene anachipanga, atachiona kuti chanyansa anachithawa osachipatsa ngakhale dzina. Chimakabisala pafupi ndi banja lina losauka, kumawasuzumira pakabowo mpaka chinaphunzira kuyankhula ndi kuwerenga, usiku chimawatolera nkhuni, koma tsiku lomwe chinadzionetsa anachimenya ndi ndodo. Ana anga m'kalasi akamva pamenepa amakhala zii, wina anachita kufunsa kuti madamu ndiye wolakwa ndani? Ambiri mwa iwo akuleredwa ndi agogo bambo anathawa, nkhaniyi amaimva msanga kuposa ife. Mungodziwiratu kuti chimadzapha kamwana, mng'ono wake wa Victor, ndiye onani kaye momwe ajambulira peji imeneyo.

Mlomwe wa ku Chinsapo
Achemwali Dracula yekhayo ayi, dikirani akule. Kwa azungu ndi nthano ya 1897 ya Bram Stoker, amadziwa kuti ku Transylvania, kwawo kwa Dracula m'nthanomo, kulibe chimenechi, koma kuno ndi zina. Ine kwathu ndi ku Mulanje, 2017 ija ya anamapopa ndinali kumudzi, anthu timagona panja m'magulu, ana osapita kusukulu, ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa cha mphekesera chabe. Mphwanga anali ndi zaka 9, kwa miyezi amakana kupita yekha kuchimbudzi ngakhale masana. Ndiye mwana yemwe wamvapo kale akuluakulu akulumbira kuti opopa magazi alipodi mumuonetse chithunzi cha munthu akuyamwa mnzake pakhosi, iye saona nthano, amaona umboni.

BK_Area18
Ine ndikusiyanako pang'ono ndi akuluwa. Tonse tinakula ndi nthano zoopsa madzulo pamoto, za afiti, za mizukwa, agogo akuti padangokhala ife tili tonse, ndipo timathawa zilombo za gule mpaka kugwa m'mizere koma mawa lake tili pomwepo. Mantha ena mwana amawafuna. Mkangano umenewu ngakhale ku America unachitika, 1954 anakhazikitsa Comics Code yoletsa zoyamwa magazi m'makatuni chifukwa makolo anadandaula, koma 1971 anafewetsa nkulola ngati zajambulidwa motsatira nkhani zakale ngati Dracula ndi Frankenstein zomwezi. Komanso ana athuwa pafoni ya neba akuonera zoposa apa popanda woyang'anira.

Madamu_Kawale
BK zoona koma pali kusiyana. Agogo akamasimba amaona nkhope yako, ukayamba kunjenjemera amafewetsa kapena kuyambitsa nyimbo, ndipo chilombocho umachijambula wekha m'mutu kufika pomwe ungathe. Dracula weniweni ndi makalata ndi madayale, mwana wa zaka 11 angatope asanafike poopsa. Katuni imadumpha zonsezo nkumuikira magaziwo pamaso, sangasankhe. Ndiye vuto silili pa dzina la buku, lili pa dzanja la wojambulayo, ena amangoonetsa mthunzi pakhoma ena amafiiritsa peji yonse. Jekyll and Hyde uja ndi wa 1886, koyambirira Hyde amaponda kamtsikana mumsewu nkumapitirira ngati palibe chachitika, koma kwa wa Form 1 ndi wabwino kwambiri pokambirana za munthu wa nkhope ziwiri.

Mayi a Chisomo (Area 25)
Zikomo nonse. Dzulo magetsi atazima ndinatulutsa Frankenstein, ndinayamba ndaona ndekha mapeji onse ndi tochi ya foni, kenako tinakhala pamkeka nkumawerenga mosinthana, mawu ovuta ndimamumasulira. Tafika pomwe chikutola nkhuni paja iye anati amama bwanji osangochipatsa moni? Anagona bwinobwino osabwebweta, m'mawa asanasambe nkomwe amafunsa ngati tipitiriza lero. Dracula akadali musutikesi, achimwene a ku Chinsapo mwandikumbutsa zomwe azakhali ake amasimba pamaso pake chaka chatha.