Galu wa Pomsky anametedwa chaka chatha, ubweya sukumera, mwini akuti ndimetenso

aNambewe:
Anzanga ndithandizeni msanga, mutu waima. Kuno kosamalira ubweya wa agalu kasitomala wabwera ndi Pomsky (galu wosakaniza Pomeranian ndi Husky) wamphongo wa zaka 2, koma wathupi ndithu, watengera Husky. Chaka chatha wina anamumeta ndi blade 10 (mpeni wa clipper wometa mofupika kwambiri) mpaka pakhungu, ati asamamve kutentha. Pano kumsana ndi m'nthiti mwamera undercoat (ubweya wofewa wamkati) yokhayokha yonga thonje, guard hair (ubweya wolimba wapamwamba) kulibe, pena zigamba za khungu lakuda. Kuseri kwa makutu ndi m'ntchafu ubweya wagwirana, rake (chipeso chochotsera undercoat) sikulowa n'komwe. Patebulo sakhazikika, ndikangoyatsa dryer akukuwa mosalekeza. Mwini akuti ndimete yense kuti zimere mofanana. Ndakana koma abweranso Lachisanu. Nditani?

aPhiri:
Metani achemwali. Ubweya ndi ubweya, umamera. Ine ndameta agalu otere ambirimbiri, palibe anadandaula.

aNachisale:
Chonde musamete. Imeneyo ndi post-clipping alopecia, kusamera kwa ubweya galu akametedwa, imakonda agalu a spitz monga Husky ndi Pomeranian. Ubweya wawo umakhala nthawi yaitali uli phee osakula, ndiye ukadulidwa undercoat imathamanga, guard hair n'kutsalira, pena chaka kapena kuposa. Ena sabwereranso mwakale. Koma chandidetsa nkhawa ndi khungu lakudalo. Ku mbali ya Pomeranian kuli Alopecia X, matenda othothola ubweya n'kudetsa khungu, komanso mavuto a mahomoni a thyroid ndi Cushing's amaoneka chonchi. Apite kaye kwa dokotala wa ziweto akayeze magazi. Mukameta inu lero, zonse zikatuluka mawa adzaloza inu.

aPhiri:
Nanga galuyo azipsa ndi kutentha? Amene amavutika ndi iyeyo, osati ife. Metani.

aNachisale:
Achimwene, galu satuluka thukuta thupi lonse ngati munthu. Amadziziziritsa ndi wefuwefu, thukuta ndi la kumapazi pang'ono chabe. Chomutenthetsa ndi undercoat yakufa imene yatsekereza mpweya, ichotsedwe ndi rake, yapamwambayo ikhale chifukwa ndiyo imatchinga dzuwa. Khungu la pamtunda limapsa.

aBanda:
Ine za kumeta sindilowererapo, ndikuchenjezeni za patebulo. Kumene ndinkagwira kale mnyamata wina anasiya Husky wosakaniza ali pa loop (chingwe cha m'khosi cha patebulo), kukatenga thaulo basi. Galu anadumpha n'kulendewera m'khosi, miyendo ili m'malere. Mwayi tinali pafupi. Ameneyu musamusiye ngakhale kamphindi, ikani lamba wa pamimba kapena mugwirire pansi pa mphasa ya labala. Zitseko zikhale ziwiri zotseka. Galu wina anatipulumuka pakhomo, kuitana dzina ngakhale kucheuka, tinakamupeza madzulo.

aMwale:
Zimenezo n'zamagazi aBanda. A Chukchi a ku Siberia anaweta agaluwa kuti azikoka katundu pa chipale mtunda wautali. Mu 1925, ponyamula mankhwala a matenda a diphtheria kupita ku Nome, Alaska, gulu la agalu a Leonhard Seppala lotsogoleredwa ndi galu Togo linayenda makilomita oposa 400. Ndiye mdzukulu wake mwamutsekera m'nyumba tsiku lonse, kenako mukuti aime patebulo maola awiri? Eni ake ambiri anagula maso abuluu, za mphamvu zake sanafunse. Muuzeni mwiniyo amuyendetse bwinobwino m'mamawa kusanatenthe, afike ataphwa.

aNambewe:
Mwini akuti amamuyendetsa mphindi 10 madzulo. Galuyo mpanda anaukumba kale pansi. Nanga mfundo za ubweyazi ndizichotsa bwanji galu osaima?

aNachisale:
Osafuna kumaliza tsiku limodzi. Gawani maulendo afupiafupi. Musamusambitse mfundo zilipo, madzi amazimangitsa. Poperani conditioner, pesani ndi slicker (burashi ya timawaya) mzere ndi mzere kuyambira pakhungu, dzanja lina litagwira tsinde la ubweya kuti musamukoke. Dryer chotsani nozzle, mphepo yochepa, yambirani kumbuyo, makutu ataphimbidwa. Mfundo imene yakakamira pakhungu, imeneyo yokha idutseni clipper pansi. Lumo ayi, kuseri kwa khutu khungu ndi lopyapyala, limakwera limodzi ndi mfundo.

aPhiri:
Mwaonatu, clipper yomweyo mwaitchula. Ndiye bwanji osangomaliza thupi lonse, galu n'kupuma? Mukumuzunza ndi maulendo.

aBanda:
Furminator, chipeso chachitsulo chochotsera ubweya wothothoka, musayandikize pa ubweya wowonongekawo, imadula guard hair yochepa yatsalayo. Cage dryer yotentha, youmitsa galu ali m'khola, ayi ndithu. Thupi la galu limakhala pa madigiri 38 mpaka 39 Celsius, akafika 41 ndi ngozi, ndipo wokuwa chonchi amatentha msanga. Mukaona lilime latambasuka, dovu lonanda, nkhama zafiira kwambiri, zimitsani zonse. Ngati mumumanga kukamwa ikhale muzzle ya basiketi, yansalu ija sangachite nayo wefuwefu. Ndipo mwini akabwera ndi mapiritsi ake ogonetsa, kanani, imeneyo ndi ntchito ya dokotala.

aMwale:
Mujambuleni zithunzi musanamukhudze, mwini asaine kuti galu wabwera ali choncho. Tinaonapo kasitomala akukana zigamba zimene anabwera nazo yekha.

aPhiri:
Zithunzi n'zabwino. Koma Lachisanu mukakana adzapita kwina, akammeta basi.

aGondwe:
Pepani ndalowa mochedwa. Pa rake paja, mukugwiritsa ya mano ozungulira kapena yokhazikika? Ndili ndi galu wa Samoyed mawa, wayamba kuthothoka, yanga ikungotsetsereka pamwamba.