Linux pa HP Jornada 720: kernel ikudzuka koma init ikufa pomwepo

Kadziwotche:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi HP Jornada 720, kakompyuta ka m'manja ka mu 2000 kaja, kokhala ndi StrongARM SA-1110 ya 206 MHz ndi RAM ya 32 MB. Ndikufuna kaziyenda ndi Linux ya masiku ano. Kernel ndamanga ndi jornada720_defconfig. Khadi la CF (CompactFlash) ndaligawa pawiri: gawo loyamba FAT16 muli zImage (fayilo ya kernel) ndi HaRET, pulogalamu ya pa Windows CE yodzutsira Linux, lachiwiri ext2 muli BusyBox, kapulogalamu kokhala ndi malamulo oyambira a Linux, ya armel yochokera ku Debian. Ndikadina Run mu HaRET malemba amayenda bwinobwino, kenako pamabwera "Attempted to kill init! exitcode=0x00000004" ndipo zimathera pomwepo. Cholakwika ndi kernel, khadi kapena HaRET? Komanso n'zotheka kufafaniziratu Windows CE kuti ndikayatsa kazidzukira pa Linux?

Chiphaliwali:
Achimwene, zitatu mwatchulazo zilibe mlandu. Kuti kernel ifike poyitana init, pulogalamu yoyamba yomwe kernel imayendetsa, ndiye kuti HaRET yagwira ntchito yake, khadi laoneka, ndipo ext2 yatseguka. Yankho lili pa nambala 4 ili kumapetoyo. Imeneyo ndi SIGILL, kutanthauza kuti purosesa yapatsidwa lamulo lomwe siyilidziwa.

SA-1110 ndi ARMv4 yopanda T. Ilibe Thumb, choncho ilibenso lamulo la bx lomwe pafupifupi pulogalamu iliyonse ya EABI (kamangidwe ka mapulogalamu a ARM komwe armel imatsata) imagwiritsa ntchito pobwerera kuchokera mu function. Debian armel sinapangidwirepo purosesa imeneyi. Poyamba inkafuna ARMv4T, ndipo kuyambira Debian 10 imafuna ARMv5TE, yomwe imawonjezera clz ndi blx pamwamba pake. BusyBox yanuyo ikufa isanalembe ndi chilembo chimodzi chomwe.

Mutha kudzionera nokha pa kompyuta yaikulu. Lembani readelf -A busybox n'kuyang'ana mzere wa Tag_CPU_arch. Ukuyenera kunena v4 basi. Ukanena v4T kapena v5TE, musavutike n'kukopera pa khadi.

Mankhwala ake ndi kumanga zonse nokha, kuyambira toolchain, zida zomangira mapulogalamu. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Amatenga arm-linux-gnueabi-gcc ya mu Debian kapena Ubuntu, n'kuwonjezera -march=armv4, n'kumaganiza kuti zatheka. Code yanu imatulukadi ya v4, koma libgcc ndi libc zomwe zimamatidwa kwa iyo zinamangidwa kale za v5, ndiye SIGILL imabweranso, mwina osati pa init koma pa pulogalamu ina pakati pa ntchito, zomwe zimazunguza mutu kuposa poyamba. Tengani Buildroot, chida chomangira Linux yonse ya makina ang'onoang'ono, pa purosesa musankhe strongarm, libc ikhale uClibc-ng, ndipo muyisiye imange toolchain yakeyake. GCC ikauzidwa kuti ndi armv4 imapatsira linker --fix-v4bx, ndipo linker imasintha bx aliyense kukhala mov pc. Mukamaliza, dutsitsani objdump -d pa busybox ndi pa libc, mufufuze ngati bx watsalapo.

Mu kernel musazimitse CONFIG_KUSER_HELPERS pofuna kuchepetsa kukula. ARMv4 ilibe ldrex ndi strex, ndiye ma atomic a mapulogalamu amadutsira pamenepo. FPU nayonso palibe, zonse zikhale soft-float.

Nangozo:
A Chiphaliwali anena zoona. Ine ndiyankhe funso lachiwiri: ayi, pa makina wamba simungafafanize. Windows CE ya pa 720 ili mu ROM yosalembeka, yosiyana ndi Compaq iPAQ H3600 yomwe inali ndi flash, n'chifukwa chake anthu a handhelds.org ankatha kuikamo bootldr yawo ndi Familiar Linux. Pa Jornada mudzadutsa mu Windows CE nthawi iliyonse. Ubwino wake ndi woti simungaiphe. Zikasokonekera, chotsani batire lalikulu ndi kabatire kakang'ono ka CR2032, dikirani pang'ono, ibwerera mmene inachokera ku fakitale.

Koma chenjerani ndi ichi. Windows CE imasunga mafayilo anu ndi mapulogalamu omwe mwaika mu RAM momwemo. Linux ikangodzuka imalemba pamwamba pa zonsezo. Chilichonse chofunika chikhale pa khadi musanadine Run.

Poti kernel ikudzuka, default.txt yanu, fayilo ya malangizo a HaRET, ili bwino, koma kwa ena owerenga: MTYPE, nambala ya mtundu wa makina, ya makinawa ndi 48, ndipo nambalayi ikalakwika kernel imangoti zii, osalemba kanthu pa sikirini. Kuno kulibe device tree, kernel imazindikira bolodi ndi nambala imeneyo kudzera mu ATAGS. Pa CMDLINE, mzere wa malangizo opita kwa kernel, pasasowe rootwait, chifukwa khadi la CF limadutsira pa SA-1111 ndi PCMCIA ndipo limachedwa kuoneka. Malangizo akale omwe mungawapeze pa intaneti amati root=/dev/hda2. Madalaivala akale a IDE anachotsedwa mu Linux 5.14, tsopano ndi pata_pcmcia, ndiye lembani /dev/sda2.

Ndipo pezani chingwe cha serial musanapite patali. Muwonjezere console=ttySA0,115200 pambali pa console=tty0. Sikirini ya 640x240 imaonetsa mizere yochepa, uthenga wofunika umakhala wadutsa kale pofika pa panic, ndipo tsiku lomwe dalaivala wa sikirini wa Epson, s1d13xxxfb, adzakane mudzakhala mulibe poonera pena.

Kadziwotche:
Zikomo kwambiri. readelf yanenadi v5TE. Ndayamba kumanga ndi Buildroot. Nanga kiyibodi, touchscreen ndi intaneti ndiyembekezere zotani?

Nangozo:
Kiyibodi ndi touchscreen sizilumikizana ndi purosesa mwachindunji. Pali ka microcontroller komwe kamalankhula ndi SA-1110 kudzera pa SSP, ndipo komweko kamayang'aniranso kuwala kwa sikirini. Choncho jornada720_ssp iyenera kukhala mkati mwa kernel. Ikasowa, jornada720_kbd ndi jornada720_ts sizigwira ntchito ngakhale zitamangidwa bwino. Mukawerenga code yake muona function yotembenuza ma bit a byte iliyonse. Musayese kuikonza, kachipangizoko kamafuna ma bit motero. Kiyibodi muyiike =y, osati module, kuti mukhale ndi polembera ngakhale ma module atakanika kulowa. Touchscreen imafuna ts_calibrate ya tslib kamodzi.

Intaneti ndiye pali nkhani. Polowetsa PC Card ndi pa 16-bit, makhadi a CardBus salowa. Makhadi a Wi-Fi oyenerera ndi akale a 802.11b monga Orinoco ndi Prism2, ndipo madalaivala awo, orinoco ndi hostap, anachotsedwa mu Linux 6.8. Mukafuna Wi-Fi khalani pa 6.6 kapena 6.1. Koma kunena zoona khadi la waya lamtundu wa NE2000 ndi pcnet_cs silivuta, ndipo pongosamutsa timafayilo, PPP pa chingwe cha serial chomwe chija ikukwanira.

Mbiyazodooka:
Ine ndisiyana nanu pang'ono, akuluakulu. Ngati cholinga ndi kuphunzira kumanga toolchain, pitirizani ndi Buildroot. Ngati cholinga ndi makina ogwira ntchito, yesani NetBSD/hpcarm. Jornada 720 ndi imodzi mwa makina omwe port imeneyo inalembedwera. Mumayika hpcboot.exe ndi kernel pa gawo la FAT, ma set (mafayilo a NetBSD yeniyeniyo) pa gawo lina, ndipo mapulogalamu oyambira amabwera atamangidwa kale oyenerera StrongARM, ndi man pages zomwe. Nkhani ya bx simukumana nayo.

Ku Linux makinawa akukhala mwa mwayi. Mu 6.3 anasesa ma board file ambiri a ARM osagwiritsidwa ntchito. Ku SA-1100 anachotsa simpad, lart, h3100 ndi ena, n'kusiya ochepa monga collie, h3600 ndi jornada720. Osamalira code imeneyi ndi ochepa, ndiye chinthu chikathyoka pa release yatsopano chimatha kukhala chothyoka nthawi yaitali. Mukapeza kernel yomwe ikuyenda, sungani .config yake ndi nambala ya release.

Kulikonse mungapite, 32 MB ndi yochepa. Musamange mapulogalamu pa makinawo, mangani pa kompyuta yaikulu. Pa Linux, BusyBox init ndi mdev zikukwanira, systemd ndi udev ziiwaleni. Swap pa CF imachedwa ndipo imatha khadi. Pa ext2 ikani noatime. China choti muziyang'ana ndi /proc/cpu/alignment: mapulogalamu olembedwera x86 nthawi zina amawerenga word pa adiresi yosagawika ndi 4, ndipo pa purosesa iyi kernel siyikonza zimenezi pokhapokha mutaiuza, pulogalamu imangolandira zolakwika; mukaiuza imakonza kumodzi ndi kumodzi, ndipo pa 206 MHz kuchedwa kwake kumaonekeratu. Nambala za mmenemo zikamakwera msanga, lembani 3 mufayiloyo, kernel izikonza uku ikutchula mu dmesg pulogalamu yomwe ikuchita zimenezo.

Chiphaliwali:
NetBSD sindikuitsutsa, ndipo khadi lachiwiri la CF silidula, a Kadziwotche atha kuyesa zonse ziwiri. Koma Buildroot ikamaliza, musathamangire kukopera rootfs yonse. Mangani kaye BusyBox ya static, muyiike pa ext2, CMDLINE ikhale ndi init=/bin/sh. Chizindikiro cha # chikaoneka ndiye kuti toolchain ili bwino. Chikakana, tumizani pano mizere makumi awiri yomaliza ya pa serial.