Chithupsa chokha mpaka kumuimitsa mpira?

Zakhali wa ku Ndirande:
Abale ndithandizeni. Mwana wa achimwene anga ali ku koleji ku America, amamenyanso mpira mu timu ya pasukulu pompo. Sabata yatha ananditumizira chithunzi pa WhatsApp, chotupa pabondo chofiira ngati tomato, pakati payera mafinya, iye amati mwina wamuluma kangaude, ine ndinangoti iwe ichi ndi chithupsa finya basi umwe amoxicillin. Dzulo akundiuza kuti adokotala a timu amuletsa kusewera, ati ndi MRSA, anzake awirinso ali nazo. Ndi matenda anji amenewa?

Nesi ku Leeds:
Azakhali chonde muuzeni asafinye, amoxicillin'yonso asavutike naye, sagwira pa kachilombo kameneka. MRSA'yo ndi bakiteriya wotchedwa staph, yemweyo amene ambirife timayenda naye m'mphuno osadwala, pafupifupi munthu m'modzi mwa atatu, kungoti uyu anakhwima, mankhwala a gulu la penicillin samumva, kuno ku UK anayamba kumuona 1961. Mukafinya mumangokankhira zinthuzo mkati. Adokotala amang'amba okha, kutulutsa mafinya, kutumiza ku labu kuti aone mankhwala omwe angamuphe, nthawi zambiri amapereka Bactrim yemweyu timamudziwa kwathuyu kapena doxycycline. Koma akangoyamba kutentha thupi kapena kufiirako kukufalikira asadikire kuti kuche, kakalowa m'magazi ndi za vancomycin pa diripi zimenezo.

Golokipa wopuma:
Mabwalo ambiri kumeneko ndi a udzu wa pulasitiki ngati wa pa Kamuzu Stadium, ukaseleleka umasupuka khungu, ndiye chilonda chili poyera kenako mukubwerekana tawulo, sopo, lezala, mabenchi a ku jimu thukuta la anthu khumi. Mu 2003 osewera 5 a timu ya mpira wa chiAmerica ya St. Louis Rams anadwala zomwezi, akuluakulu olandira ndalama zawo. Chaka chomwecho mnyamata wosewera mpira pa Lycoming College ku America komweko, Ricky Lannetti, anamwalira nayo ali ndi zaka 21. Sindikukuopsezani mayi, koma adokotalawo sakukokomeza ayi. Aziphimba chilondacho ndi bandeji, azisamba akangotuluka m'bwalo.

Zakhali wa ku Ndirande:
Mayo ine, ndiye ndikanamupweteka mwana ndi udokotala wanga wa pa WhatsApp. Ndamuimbira, akuti anamung'amba kale Lachiwiri, akumwa mapilitsi. Za lezala wayamba wakana, kenako wavomera kuti amameta ndevu ndi ya mnzake wa m'chipinda. Bambo ake sindinawauze, aziona okha akadzuka.