Thandizeni: CG125 yanga ikugogoda ndi kufuka utsi, ndipange rebore (kukuza bowo la silinda) kapena ndigule injini ina?

Akuluakulu a pa gulu lino, makamaka inu amakaniko, ndigawireni nzeru ndisanataye ndalama. Ndili ndi njinga yamoto ya Honda CG125 yakale, ya kiki yokha, imene bambo anga anandisiyira. Ndi imene ndimatsitsira mbatata ndi kabichi kuchoka kwathu ku Dedza kupita ku Golomoti. Sabata yatha pobwerera, ndikukwera chitunda cha Khwekhwelere ndi katundu, inayamba kufooka ngati wina akuikoka kumbuyo, kenaka inangothima, kiki nkuuma gwa. Itazizira kiki inamasuka, inalira, ndinafika nayo kunyumba pang'onopang'ono.

Chiyambire tsiku limenelo ikufuka utsi wabuluu, makamaka ndikakoka moto. Mkati mukumveka kugogoda, ndipo kiki yapepuka moti ndikutha kuitsitsa ndi dzanja. Pulagi ndi yakuda, yonyowa ndi oyilo. Nditakhetsera oyilo m'beseni nkumuika padzuwa, ndinaona tizinthu tonyezimira ngati siliva tikuyandama.

Makaniko wina akuti ndi ma ringi okha, tisinthe basi. Wina sanaitsegule nkomwe, wangomvera kulira kwake nkunena kuti yanoka, ndigule injini ya ku China timangepo. Njingayi ndi imene imatidyetsa pakhomo, komanso ndi ya bambo, sindikufuna kuitaya mwachisawawa. Ndiyambire pati?

Wakabaza, Area 25:
Aise, gulani injini yatsopano mupume. Injini ikanoka yatha, mukakonza apa mawa pafa pena. Ife tikasintha injini m'mawa, masana tili pamsewu.

Membala wina, Balaka:
Mwina ndi timing chain yatakasuka imeneyo. Yanga inkagogoda chonchi, nditasintha tcheni inasiya.

Makaniko, Biwi:
Achimwene a ku Balaka, yanuyo iyenera kuti ndi mtundu wina. CG125 yakale ngati imeneyi ilibe tcheni cha timing, ma valavu ake amakankhidwa ndi tindodo totchedwa ma pushrod, ndipo kamu imazungulitsidwa ndi giya. Honda anaipanga choncho dala kuyambira mu 1975, kuti izipirira m'maiko amene anthu amachedwa kusintha oyilo. Ndiye tcheni tichotsepo pa nkhaniyi.

Kwa mwini njinga: zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti pisitoni inatentha, inafufuma, nkugwira m'silinda. Itazizira inabwerera, nchifukwa chake inaliranso. Koma ikagwira choncho imasiya aluminiyamu wake atamatirira kukhoma la silinda, ndipo ma ringi amakanirira m'mizere mwake, osatambasukanso. Utsi ndi kupepuka kwa kikiko zikuchokera pamenepo. Chimene sitikudziwa ndi chakuti pansi pa injini, pa kulanki, pali bwanji, ndipo palibe munthu angakuuzeni zimenezo pongomvera ndi khutu.

Choyamba lekani kuiliza. Oyilo uja musamutaye, tengani maginito, ngakhale a sipika yakale, muwaviike m'besenimo. Tizinthuto tikapanda kumamatira ndi aluminiyamu wa pisitoni, nkhani yabwino imeneyo. Tikamamatira ndi chitsulo, ndiye kuti mwina beringi ikudyeka. Kumbukiraninso: kugogodako kumakula injini ili yozizira nkumachepa ikatentha, kapena kumakula ikatentha ndi pokwera chitunda?

Mwini funso:
Zikomo madala. Ndayesa maginito, atola kafumbi kochepa kakuda, koma tonyezimirato tatsala m'beseni. Kugogoda kunkamveka kwambiri m'mawa ikangolira, ikatentha kunkachepako ngakhale kuti sikunkatha.

Makaniko, Biwi:
Ndiye pali chiyembekezo. Pisitoni yotakasuka m'silinda imachita phokoso ikazizira, ikatentha imafufuma phokoso nkuchepa. Beringi ya konirodi, kamkono kolumikiza pisitoni ndi kulanki, ikafa, kugogoda kumakhala kolemera, kwapansi, ndipo kumakula mukaipatsa katundu. Kafumbi kakudako kokha sikoopsa, magiya ndi kilatchi zimasambira m'oyilo yemweyo.

Tsopano mutsegule pamwamba: hedi ndi silinda. Pa CG ntchito imeneyi simuchita kutsitsa injini yonse. Mukachotsa pisitoni, tsekani kukamwa kwa injini ndi kansalu koyera kuti kakilipi ka pini kasagweremo. Zungulizani kulanki mpaka konirodi ifike pamwamba penipeni, muigwire ndi zala, muikoke mmwamba ndi kuikankha pansi molunjika. Isasewere ngakhale pang'ono. Kusewera cham'mbali pang'ono ndi mmene inapangidwira, anthu ambiri amanamizidwa pamenepa nkugulitsidwa kulanki yosafunika. Onaninso kabowo kapamwamba ka konirodi momwe mumalowa pini. Kakakhala kabuluu chifukwa chopsa, kapena pini ikamagwedera, konirodi yatha.

Silinda muipitse chikhadabo. Mizere imene chikhadabo chikukodwamo siingatsekedwe ndi ma ringi atsopano. Amene akuti ma ringi okhayo akupulumutsirani ndalama lero, koma utsi ubweranso mwezi usanathe.

Mayi wina, Mzuzu:
Ine ndinayendapo pa njinga zamoto zaka zambiri pa ntchito ya ulangizi, ndiye ndingowonjezera chimodzi chimene amuna inu simunachitchule. Pisitoni siigwira popanda chifukwa. Mukamanga zatsopano osapeza chimene chinaipha, zatsopanozo zikagwiranso pa chitunda chomwecho. Onani sefa ya mphepo ngati siponji yake siinang'ambike, chifukwa fumbi la m'misewu yathuyi limadya silinda. Onani labala ya pakati pa kabureta ndi hedi ngati ilibe mng'alu, chifukwa ikamaba mphepo petulo amachepa injini nkumatentha. Ndipo oyilo anali wochuluka bwanji tsiku limenelo? Injini imeneyi imangolowa pafupifupi lita imodzi, ikachepa pang'ono yachepa kwambiri.

Wakabaza, Area 25:
Zonsezo ndi masiku angati munthu ali pansi osagwira ntchito? Komanso sipeya za Honda zenizeni muzipeza kuti? Zadzadza m'mashopumu ndi zabokosi lolembedwa Honda koma mkati zina.

Makaniko, Ndirande:
Wakabazayu ali ndi mfundo pa sipeya, tisamutsutse zonse. Zabodza zilipodi, ndipo injini za ku China zotengera CG si zoipa zonse, anyamata akudyera zomwezo. Koma musaganize kuti mungoimanga nkunyamuka. Waya za magetsi zimasiyana, makamaka ngati yanu ndi yakale yopereka moto ku pulagi ndi ma pointi pamene yatsopanoyo imapereka ndi kabokosi ka CDI. Nambala ya injini nayo imalembedwa pa mapepala a njinga, ndiye mukasintha muyenera kukakonzetsa ku Road Traffic. Pogula pisitoni tengani yakale m'manja, chifukwa pali zina zofanana kunja koma pini yake ndi ya 13mm pamene ya CG125 yakale ndi 15mm.

Mwini funso:
Ndabwera ndi zotsatira. Tatsegula ndi mlamu wanga amene ali ndi masipanala. Pisitoni yakalika kwambiri mbali ya ekizozi, ringi yapamwamba yakanirira moti tachita kuitokosa. Silinda ili ndi mizere iwiri yozama, chikhadabo chikukodwa. Konirodi sikusewera mmwamba ndi pansi, tayesa tonse awiri mobwerezabwereza, ndipo kabowo ka pini ndi koyera. Pamutu pa pisitoni titapala mwaye palembedwa STD.

Mayi a ku Mzuzu, munalasa. Oyilo anali pakati pa mizere ya kandodo koyezera, siponji ili bwino, koma titachotsa kasefa ka waya kamene kamakhala ndi sipuling'i kuseri kwa chotsekera oyilo, tapeza katatsekeka ndi tizidutswa ta silikoni wofiira. Amene anasintha kilatchi chaka chatha anamata chivindikiro ndi silikoni m'malo moika gasiketi.

Makaniko, Biwi:
Wakupha injini ndi ameneyo. Pampu imakoka oyilo kudzera pa kasefako, ndiye kakatsekeka oyilo amakhala ali m'injini koma osayenda mokwanira. Pa msewu wosalala inkapirira, pa chitunda ndi katundu inalephera.

STD ikutanthauza kuti silindayo siinakuzidwepo, ikadali pa 56.5mm. Mapisitoni okulirapo amabwera a 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00, kotero malo alipo ambiri. Musathamangire yaikulu poganiza kuti ikupatsani mphamvu, tengani yaing'ono imene ingafufute mizereyo, zotsalazo zidzakuthandizani mtsogolo. Ine injini imeneyi sindingaitaye.

Koma musathere pamwamba pokha. Tsegulani chivindikiro cha kilatchi, mupale silikoni yense, muike gasiketi yapepala. Mkatimo muli sefa ina yozungulira imene ili kumapeto kwa kulanki, yotsekedwa ndi timasikuluwu titatu. Ambiri saidziwa nkomwe, ndipo mukaipeza itadzadza phala lolimba pamodzi ndi aluminiyamu uja. Itsukeni, muonenso pampu ya oyilo ngati siinakalike. Popeza oyilo ankafika wochepa pamwamba, yang'anani ma rocker, timikono tokankha ma valavu, ngati sanadyeke, ndipo hedi ili pansi kale, thirani petulo m'mabowo ake muone ngati akudontha pa ma valavu. Pomanga, ma valavu onse awiri muwapatse 0.08mm injini ili yozizira. Oyilo akhale wa njinga yamoto, 20W-50, wolembedwa JASO MA chifukwa cha kilatchi.

Mwini funso:
Ndamva madala, Mulungu akudalitseni. Ndipanga rebore. Ndiyambe ndagula pisitoni ya 0.50 kapena ndiyambe ndapititsa silinda? Nanga ndidzayamba liti kunyamula katundu?

Makaniko, Biwi:
Yambani mwapititsa silinda kwa opanga rebore aiyeze, akuuzeni saizi imene mizere ithere. Mukagule pisitoniyo nkubwerera nayo kwa iwo, chifukwa bowo amalikuza potengera pisitoni imene ili m'manja, osati nambala ya pabokosi. Mukamanga, makilomita 500 oyamba muyende nokha opanda matumba, osaikoka mpaka kumapeto komanso osaisiya ikulira pamalo amodzi nthawi yaitali. Mukatero mukhetse oyilo, mutsukenso kasefa kaja, muyezenso ma valavu, kenaka muyambe ndi katundu wopepuka.